Galimoto ya rally ya 2027: akukanganirana chiyani, nanga ife a ku Chimbiya zikutikhudza pati?

Pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi boma la Dedza, nkhani ya galimoto si yochita kuitanira munthu. Maminibasi amaima pompo, ma Sienta amadzaza anthu pompo, mathiraki opita ku chipata cha Dedza amapumira pompo, ndipo anyamata a kabaza amazindikira injini yodwala pongomva kulira kwake. Ambiri a iwo aonerapo pa foni magalimoto a rally akudumpha zitunda, fumbi lili koboo m'mbuyo. Chimene sichioneka pa tizithunzi timeneto ndi mkangano umene wasautsa eni masewerowa kwa zaka zingapo: kodi galimoto yapamwamba kwambiri ya rally izikhala yotani kuyambira 2027? Pansi pa mkanganowu pagona funso limene makaniko aliyense wa kuno amalidziwa, loti galimoto yabwino ndi iti, yothamanga kuposa zonse kapena imene munthu angakwanitse kuigula ndi kuikonza.

Tiyambe ndi poyambira. Rally ndi mpikisano wamtundu wanji?

Si wozungulira bwalo limodzi ngati Formula 1. Okonza mpikisano amatseka misewu yeniyeni, ya fumbi, ya miyala, ya phula kapena yokutidwa ndi chisanu, n'kuidula m'zigawo. Magalimoto sanyamukira pamodzi. Ina ikanyamuka, inzake imadikira mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi. Pakatha masiku atatu kapena anayi amaphatikiza nthawi za zigawo zonse, zomwe zimakwana makilomita pafupifupi 300, ndipo amene watenga nthawi yochepa ndiye wapambana.

M'galimoto mumakhala anthu awiri, dalaivala ndi mnzake womuwerengera njira. Awiriwa amayendera msewuwo pang'onopang'ono mpikisano usanayambe n'kulemba zonse m'kabuku. Pa tsiku lothamanga wowerengayo salekeza kuyankhula: pokhota pakubwerapo ndi pa dzanja lamanja, n'pakuthwa chonchi, mlatho wopapatiza uli pa mamita akutiakuti, mwala uli mbali yakumanzere. Amene anatsikapo Khwekhwelere kupita ku Golomoti akumvetsa chifukwa chake dalaivala sangadalire maso ake okha.

Mpikisano wa dziko lonse, WRC, unayamba mu 1973 ndipo umayang'aniridwa ndi bungwe la FIA lomwe likulu lake lili ku Paris. Lamulo limodzi mulisunge, chifukwa tibwererako: gulu la amakaniko limaloledwa kugwira galimoto pa malo okonzera okha, pa nthawi yoikika. Ikafera kutchire, dalaivala ndi mnzakeyo amavula magolovesi n'kukonza okha ndi zida zimene anyamula.

Malamulo a kapangidwe ka galimoto amanena zotani, ndipo amalemba ndani?

Amanena pafupifupi chilichonse: kukula kwa injini, kulemera kwa galimoto, kuchuluka kwa magiya, kukula kwa mapiko amene amaipanikiza pansi ikamathamanga, ndi zitsulo zoteteza anthu ali mkati. Magalimoto apamwamba a masiku ano, otchedwa Rally1, anayamba mu 2022. Injini yake ndi ya malita 1.6 yokhala ndi turbo, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo imatulutsa mphamvu za akavalo pafupifupi 380. Injini ya malita 1.6 si yaikulu ayi, ya Sienta ija ndi 1.5. Kusiyana kuli pa mpweya umene turbo imakankhira mkati. N'chifukwa chake lamulo lamphamvu kwambiri ndi la kachitsulo kobowoka pakati kamene amakamangirira polowera mpweya. Mu 2025 bowolo analichepetsa kuchoka pa mamilimita 36 kufika pa 35, ndipo milimita imodzi yomweyo inasintha kakokedwe ka injini yonse.

Olemba malamulo ndi a FIA, kudzera m'khonsolo yawo ya masewero a magalimoto. Koma salemba okha. Makampani opanga magalimoto amakhala ali pakhomo, aliyense akukokera kwake, poti ndi amene amalipira. Kampani yogulitsa masewerowa pa kanema nayo imafuna phokoso ndi liwiro. Madalaivala amafunsidwa maganizo, koma mawu awo salemera ngati a mwini chikwama.

Magalimoto alipowa akuthamanga bwinobwino. Akufuna kusinthiranji?

Chifukwa atsala ochepa. Rally1 imodzi imadya pafupifupi mayuro 1 miliyoni, osawerengera masipeya, matayala, malipiro a mainjiniya ndi ndalama zonyamulira katundu kuchoka ku Sweden kupita ku Kenya, kuchoka ku Chile kupita ku Japan. Magulu amene akwanitsa ndi atatu okha: Toyota ndi GR Yaris, Hyundai ndi i20 N, ndi M-Sport ya ku England imene imathamangitsa Ford Puma. Volkswagen inachoka kumapeto kwa 2016 itapambana zaka zinayi zotsatizana. Citroën inatsatira kumapeto kwa 2019. Chibwerereni Toyota mu 2017, palibe kampani ina yatsopano imene yalowa m'gulu lapamwambali. Pa mipikisano yambiri magalimoto a Rally1 amangokhala 8, 9 kapena 10. Awiri akagunda mwala tsiku loyamba, wina injini n'kuzima, wina n'kuphulitsa matayala, mpikisano wa dziko lonse umatsala wa anthu owerengeka pa dzanja limodzi.

M'mbuyo mwawo muli gulu lachiwiri, Rally2, ndipo limenelo ndi lodzaza. Rally2 imamangidwa pa thupi la galimoto wamba ya mumsewu, ili ndi mphamvu za akavalo pafupifupi 290, ndipo mtengo wake uli pakati pa mayuro 200,000 ndi 300,000. Škoda, Citroën, Hyundai, Toyota ndi M-Sport amaigulitsa kwa aliyense amene wabwera ndi ndalama. Ndiyo imene ikulamulira mipikisano ya m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo ya kuno ku Africa. Gulu lachiwiri likusefukira pomwe loyamba likuphwa, ndipo a FIA sakanatha kupitiriza kuyang'ana kumbali.

Timamva kuti magalimotowa anali a hybrid, kenako anachotsa. Chinachitika n'chiyani?

Apa m'pamene pagona nkhani. Kuyambira 2022 galimoto iliyonse ya Rally1 inkanyamula bokosi lolemera makilogalamu 84 kumbuyo kwa mipando. M'bokosimo munali batire ndi mota ya magetsi ya makilowati 100. Injini ndi motayo zikakokera limodzi, mphamvu inkafika pa akavalo pafupifupi 500. Bokosilo silinkapangidwa ndi Toyota kapena Hyundai. Magulu onse ankalitenga ku kampani imodzi ya ku Germany, Compact Dynamics, ndipo amakaniko awo sankaloledwa kulitsegula mkati.

Pa galimoto panali nyali ziwiri. Yobiriwira ikayaka, ndiye kuti zonse zili bwino. Yofiira ikayaka, palibe wololedwa kuigwira galimotoyo, ngakhale oonerera amene mwa mwambo wa rally amathamangira kukaikankha ikagwera m'ngalande, chifukwa magetsi ake akanatha kupha munthu. Ku Sweden mu Febuluwale 2022, Ott Tänak, katswiri wa dziko lonse wa 2019, anaimitsidwa ali mkati molimbirana malo apamwamba chifukwa nyali yofiira inayaka. Injini inali bwino, matayala anali bwino, iye mwini sanalakwitse kalikonse. Sipanala yomwe anali nayo m'galimoto inalibe ntchito.

Mu 2024 kampani ija inakhwimitsa malamulo ake achitetezo. Bokosi likagwedezeka mopitirira mlingo woikika linkayenera kuchotsedwa n'kubwezedwa ku fakitale kuti akalimasule, osati kungolikonzera pa malo a mpikisano monga kale. Tsono galimoto imene ntchito yake ndi kudumpha ndi kupunthana ndi miyala ilephera bwanji kugwedezeka? Mtengo unakwera, gulu la M-Sport lomwe thumba lake ndi laling'ono linayamba kuchema, ndipo mu Novembala 2024 a FIA analamula kuti hybrid ichoke. Kulemera kwa galimoto kunatsika kuchoka pa makilogalamu 1,260 kufika pa 1,180.

Amene anaimapo pa galaja ya m'mbali mwa M1 nkhani iyi akuidziwa. Ikabwera Corolla yakale kapena Probox itazima, makaniko amatsegula boneti, amatchera khutu, amamasula mapulagi n'kuwapala, amamanga paipi yong'ambika ndi mphira wa chubu, ndipo ola lisanathe mwini wake ali pa ulendo. Ikabwera Aqua kapena Prius itayatsa nyali ya batire pa dashibodi, makaniko yemweyo, wa luso lomwelo, amapukuta manja n'kunena kuti, "Bwana, iyi ikufunika kompyuta, pitani nayo ku Lilongwe." Sindikunena kuti hybrid ndi yoipa. Imamwa mafuta pang'ono, ndipo pa mizere ya petulo imene taiona zaka zino eni ake anapumako. Chimene chimapweteka ndi chinthu chotsekedwa mwakuti amene ali nacho pafupi sangachikonze. M'masewero amene ulemu wake wonse unamangidwa pa anthu awiri okonza galimoto yawo kutchire, bokosi losatsegulika linali mlendo wosayenera.

Ndiye agwirizana zotani za 2027?

Chigamulo chake chinapangidwira ku Africa konkuno. Khonsolo ya FIA inakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, mu Disembala 2024 n'kuvomereza malamulo amene akutchedwa WRC27. Mutu wake ndi mtengo: galimoto isapitirire mayuro 345,000, ndalama yosafika n'komwe theka la mtengo wa Rally1.

Mafupa a galimoto adzakhalabe a mapaipi achitsulo owotcherera, monga zilili pa Rally1. Pamwamba pa mafupawo wopanga adzaveka thupi la maonekedwe amene akufuna, kaya kagalimoto kakang'ono, kaya saluni, kaya yaitali ya mtundu wa SUV, ngakhale thupi longodzipangira limene silipezeka mumsewu. Injini, giyabokosi ndi mabuleki zidzachokera ku Rally2, kutanthauza kuti mphamvu idzatsikira ku akavalo osapitirira 300, ndipo mapiko adzachepa. Magalimoto a Rally2 adzaloledwa kupikisana ndi atsopanowa m'gulu limodzi. Malamulowa akuyenera kugwira ntchito zaka 10. Ndipo chimene ine ndikuchiona chachikulu kuposa zonsezi ndi ichi: si makampani akuluakulu okha amene adzaloledwe kupanga galimoto. Magalaja odziimira paokha nawonso adzatha kumanga yawo n'kuilembetsa.

Otsutsa akuti chiyani?

Mawu awo si opanda pake, ndipo tiyenera kuwamvetsera. Akuluakulu a Hyundai akhala akunena poyera kuti kampani yawo sithira ndalama zankhaninkhani m'masewero pongofuna chikho. Imafuna kuonetsa dziko luso limene ikugulitsa m'masitolo ake, ndipo luso limenelo masiku ano ndi la magetsi ndi hybrid. Kwa iwo, galimoto ya injini ya Rally2 ilibe chatsopano choonetsa. Kampani yomweyo yatsegula kale gulu lina, pa dzina la Genesis, lokapikisana mu mpikisano wina wa magalimoto, wa ku Le Mans, ndiye kuopseza kwawo kochoka si kongoyankhula. Toyota ndiyo inatulukira msanga n'kunena kuti ikumanga galimoto ya 2027.

Madalaivala ndi ochemerera ena akuti gulu lapamwamba liyenera kukhala loopsa, loti mwana akaliona likudutsa mtima uzigunda. Kutsika kuchoka pa akavalo 500 kufika pa 290 m'zaka zochepa chonchi akukuona ngati kuchotsa mano a mkango.

Mainjiniya nawo akukayika ngati mayuro 345,000 angakwane. Kuwotcherera mafupa a mapaipi ndi manja n'kokwera mtengo kuposa kutenga thupi lopangidwa kale pa fakitale. Wopanga akakakamizidwa kugulitsa galimoto mosapindula, ndalama yake adzaibweza pa masipeya. Izi ife sizofunika kutiphunzitsa: galimoto imagulidwa kamodzi, koma masipeya amagulidwa moyo wake wonse.

Dandaulo limene ndikuliona lolemera kwambiri ndi la kusinthasintha. Taonani chaka cha 2024 chokha. Mu Febuluwale a FIA analengeza kuti hybrid ichoka ndipo Rally1 ichepetsedwa mphamvu. Makampani anakana, ndipo mu Juni a FIA anabweza mawu n'kunena kuti zonse zikhala momwemo mpaka 2026. Mu Novembala hybrid inachoka ndithu. Zigamulo zitatu pa nkhani imodzi m'miyezi 10. Kampani imene ikuganiza zolowa imafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti ijambule galimoto, iimange, iiyese. Ndani angatulutse ndalama zake pamene wolemba malamulo akulankhula pawiripawiri?

Koma zoona, galimoto yochepa mphamvu siichotsa kukoma kwa masewero?

Funso limeneli linayankhidwa kale, ndipo linayankhidwa ndi maliro. Kuyambira 1982 mpaka 1986 kunali gulu lotchedwa Group B. Malamulo ake anali omasuka kwambiri: kampani inkangofunika kupanga magalimoto 200 a mtundu umenewo, basi. Kunabadwa zilombo monga Audi Quattro S1, Peugeot 205 T16 ndi Lancia Delta S4, zopepuka, zina za mphamvu zopitirira akavalo 500. Anthu ankakhamukira m'misewu, ena kuima pakati penipeni n'kumapatuka galimoto itafika kale. Mu Malichi 1986 ku Portugal, Ford RS200 inaphonya msewu n'kulowa m'khamu la oonerera, anthu atatu n'kufera pomwepo, ambiri n'kuvulala. Pa 2 Meyi chaka chomwecho, pa chilumba cha Corsica, Henri Toivonen ndi womuwerengera njira Sergio Cresto anagwera kuphompho ndi Lancia yawo n'kupsera momwemo. Group B inathetsedwa kumapeto kwa chakacho.

M'malo mwake munabwera Group A, ya akavalo pafupifupi 300, ndipo ambiri anati masewero afa. Sanafe. Nyengo imene inatsatira ndiyo inatulutsa Carlos Sainz ndi Toyota Celica mu 1990 ndi 1992, Colin McRae ndi Subaru Impreza mu 1995, Tommi Mäkinen ndi Mitsubishi Lancer zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1996. Pofika 2000 makampani 7 ankapikisana. Sébastien Loeb anatenga ukatswiri wa dziko lonse ka 9, kuyambira 2004 mpaka 2012, ndi magalimoto a mphamvu zomwezo za akavalo 300. Palibe amene anawaonera anthu amenewa n'kunena kuti akuyenda pang'onopang'ono. Munthu woima m'mbali mwa msewu sangaone ndi maso kusiyana kwa sekondi imodzi kapena ziwiri pa kilomita. Chimene amaona ndi kuchuluka kwa magalimoto amene akudutsa komanso kuyandikana kwa nthawi zawo. Magalimoto 20 ofanana mphamvu ndi okoma kuposa 8 oopsa.

Pa chitetezo pokha m'pamene sipayenera kuchotsedwa ngakhale tambala imodzi. Mu Januwale 2022 ku Monte Carlo, Adrien Fourmaux anagubuduzika ndi Ford Puma kutsika chiphedi, galimoto n'kuphwanyikiratu, koma iye ndi mnzake anatuluka akuyenda okha chifukwa cha mafupa a mapaipi aja. A FIA achita bwino kuwasunga. Ngakhale zili choncho, mu Epulo 2023 Craig Breen wa ku Ireland anamwalira ku Croatia poyeserera, mtengo wa mpanda utalowera pa windo. Ntchito yoteteza anthu sinathe. Ndipo kwa achimwene amene mumatengera zimene mwaona pa foni n'kumaziyesa pa M1, kumbukirani kuti anthu aja amathamanga mumsewu wotsekedwa, atavala zipewa zolimba ndi malamba, ambulansi ili chire. Pa Chimbiya pali amayi ogulitsa mbatata ndi tomato m'mphepete mwa phula, ndi ana odutsa msewu.

Ngati thupi ndi chovala chabe, galimoto ya mpikisano ikukhudzana bwanji ndi imene timagula?

Apa ndiye pali chotayika chenicheni, ndipo sindichibisa. Akuluakulu amene anakwerapo Peugeot 404, Peugeot 504 ndi Datsun m'misewu ya dziko lino akudziwa chifukwa chake magalimoto amenewo ankakhulupiriridwa. Anali atadzionetsa ku Safari Rally ya ku East Africa. Peugeot 404 inapambana kumeneko kanayi m'zaka za m'ma 1960, 504 inapambana mu 1975, ndipo Datsun inalamulira kuyambira 1979 mpaka 1982 m'manja mwa Shekhar Mehta. Munthu ankati akamva kuti galimoto yapirira matope ndi miyala ya ku Kenya, ankadziwa kuti ipiriranso njira ya kumudzi kwawo, poti inali galimoto yomweyo, yongolimbitsidwa. Malamulo a Group A ankalamula kampani kupanga magalimoto masauzande angapo ogulitsa isanaloledwe kupikisana, ndipo n'chifukwa chake Impreza ndi Lancer Evolution zinafika m'manja mwa anthu wamba.

Chingwe chimenecho chinaduka kale mu 2022. Ford Puma ya mpikisano imafanana ndi ya m'sitolo pa maonekedwe ndi dzina, mkati mwake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makampani nawo akusiya kupanga timagalimoto ting'onoting'ono timene rally inkadalira. Ford inaleka kupanga Fiesta mu 2023. Anthu akugula ma SUV, ndipo SUV yeniyeni ndi yaitali ndi yolemera, singathamange motetezeka chonchi. Kulola thupi lililonse pa mafupa amodzi ndi njira yoti kampani iliyonse ipeze polowera. Ndikuvomereza, koma ndi mtima wosakondwa kwenikweni.

Dziko likupita ku magetsi. Kukakamira injini si kubwerera m'mbuyo?

Malamulo a 2027 sanatseke chitseko. Akuyamba ndi injini yoyendera mafuta, koma mafupa a galimoto akonzedwa kuti m'tsogolo adzathe kulandira hybrid kapena magetsi okhaokha. Komanso kuyambira 2022 magalimoto a WRC samwa petulo wokumbidwa pansi. Amamwa mafuta opangidwa kuchokera ku zomera ndi m'mafakitale.

Mfundo imeneyi kwa Amalawi si yachilendo. Dziko lino lakhala likusakaniza ethanol ndi petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa ku Nkhotakota inayamba kutcheza mafutawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inawonjezereka mu 2004. Minibasi imene yaima pa Chimbiya m'thanki mwake muli nzimbe. Mbali inayi, m'boma lathu lomweli la Dedza, ku Golomoti, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire akuluakulu osungira, amene anatsegulidwa mu 2022. Chaka chomwecho namondwe Ana anaononga Kapichira ndipo dziko lathu lonse linalawa mdima kwa miyezi yambiri. Ndiye ife tikudziwa mbali zonse ziwiri: magetsi ndi tsogolo, koma safika paliponse tsiku limodzi. Rally imachitikira kutchire, kutali ndi mawaya, galimoto ikuwoloka mitsinje. Kuyamba ndi mafuta a zomera n'kusiya malo a batire ndi nzeru, bola batireyo ikadzabwera idzakhale yoti amakaniko a gulu angaitsegule.

Nanga Africa ili pati pa nkhani yonseyi?

Ili ndi mpikisano umodzi pa ndandanda ya dziko lonse, koma ndi umene madalaivala amauopa kuposa ina. Safari Rally inayamba mu 1953, inachoka mu WRC itatha ya 2002, n'kubwerera mu 2021 ku Naivasha. Fumbi lake losalala ngati ufa limakwirira galimoto mpaka m'mimba n'kutsamwitsa injini, ndipo mvula ikagwa msewu umasanduka mtsinje. Mu 2024 mpikisanowu utabwezedwa ku nyengo ya mvula ya Malichi, a FIA analola kuti magalimoto aikidwe paipi yopumira yokwera mpaka padenga. Ichi ndi chitsanzo chabwino cha msewu wa ku Africa ukulemba nawo malamulo.

Chopweteka n'chakuti masiku ano pa nthaka yake yomwe Mwafrika sangapambane, pomwe kale zinkatheka. Joginder Singh wa ku Kenya anapambana Safari katatu, mu 1965, 1974 ndi 1976. Mehta anapambana kasanu. Mkenya womaliza kupambana Safari ili mu WRC ndi Ian Duncan, mu 1994. Chibwerereni mpikisanowu mu 2021, madalaivala a ku Africa amalowa ndi Rally2 kapena yochepera apo, ndipo amanyamuka akudziwa kale kuti chikho chachikulu si chawo, ngakhale atayendetsa bwino chotani.

Luso lilipo, ndipo lili pafupi nafe. Mpikisano wa Africa yonse unayamba mu 1981. Satwant Singh wa ku Zambia anautenga ka 8. Muna Singh anautenga mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes anautenga mu 2022 mkazi wake Urshlla akumuwerengera njira, onsewa a ku Zambia. Conrad Rautenbach wa ku Zimbabwe anakhala katswiri wa Africa mu 2007 ndi 2011 ndipo anafika poyendetsa Citroën mu WRC. Malamulo atsopanowa akagwira monga alembedwera, dalaivala wa ku Lusaka kapena Nairobi amene ali ndi Škoda Fabia ya Rally2 adzaima pa mzere umodzi ndi akatswiri a dziko lonse, ndi galimoto ya mphamvu zofanana. Makampani adzakhalabe ndi mainjiniya ambiri ndi matayala ambiri, koma mpata udzakhalapo, makamaka pa msewu umene mwini dera amaudziwa kuposa mlendo.

Mayuro 345,000 ndi ndalama zingati kwathu kuno? Kodi Mmalawi angaifikire?

Pa mtengo wa ku banki wa mu 2025 ndi ndalama zoposa K600 miliyoni, musanalipire msonkho ndi zonyamulira, komanso musanapeze ndalama zakunjazo, zimene ngakhale oitanitsa feteleza ndi mankhwala akuzisowa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye tisanamizane, galimoto ya WRC27 siidzaimikidwa pa Chimbiya posachedwa.

Koma magalimoto a mpikisano amayenda ulendo womwe amayenda magalimoto athu ochokera ku Japan. Yatsopano imayamba ndi wolemera, pakapita zaka imagulitsidwa kwa wina, kenako kwa wina, mpaka kufika ku mipikisano ya ku Zambia, Tanzania ndi Uganda, kumene ma Subaru ndi ma Mitsubishi akale athamanga kwa zaka zambiri. Rally1 sinayende ulendo umenewu. Inabadwira m'manja mwa makampani atatu ndipo ithera komweko. Galimoto imene yapangidwa yambiri, ya injini yodziwika, ya masipeya opezeka kwa ogulitsa angapo, ya mafupa achitsulo amene wowotcherera waluso angawaphunzire, imeneyo ndiyo imatsika mpaka kufika kwa ife. Imabweranso ndi ntchito, chifukwa gulu lililonse la rally limafuna amakaniko, owotcherera, a zamagetsi ndi oyendetsa mathiraki, ndipo anyamata otere m'magalaja athu alimo.

Tsono inu mukuti a FIA alondola kapena aphonya?

Alondola njira, ngakhale achedwa. Kutsitsa mtengo, kusunga zitsulo zoteteza moyo ndi kulola magalaja ang'onoang'ono kumanga galimoto ndi zimene masewerowa ankafunika kalekale. Chatsala ndi kuima pa mawu awo. Akanena zaka 10 zikhaledi zaka 10, kampani ikaopseza kuchoka asagwedezeke, ndipo mtengo wa masipeya auyang'anire ndi diso lomwelo limene ayang'anira mtengo wa galimoto, apo ayi 345,000 ija idzangokhala nambala ya papepala.

Inu owerenga mudzatha kudziweruzira nokha. Chaka cha WRC chimayambira ku Monte Carlo mu Januwale. Ikadzatuluka ndandanda ya olowa mpikisano wa 2027, mudzawerenge magalimoto a m'gulu lapamwamba ndi mayina a amene awamanga. Akadzapitirira 20, pakati pawo pali magulu odziimira paokha, ndiye kuti malamulo a ku Kigali agwira ntchito. Akadzakhalanso 8 a makampani omwe aja, ndiye kuti alephera.